PAKHOMO NDI M'DIMBA: Si Paleti Lililonse Liyenera Kuyandikira Ndiwo

Munthu woyenda m'miseu ya ku Chinika ndi ku Buseko mu Lusaka, kapena wozungulira kuseri kwa masitolo akuluakulu a mu Chipata, Kabwe ndi Ndola, salephera kuona milu ya matabwa okhomedwa motalikiranatalikirana ngati citseko ca khola la mbuzi. Matabwa amenewa ndiwo mapaleti. Nchito yao ndiyo kusanjikapo katundu, monga matumba a simenti, makatoni a sopo ndi migolo ya mafuta, kuti makina onyamula alowetse mano ace pansi ndi kukweza katundu yense m'lole nthawi imodzi. Katundu akatsitsidwa, mapaleti ambiri sabwerera kumene anacokera. Ena agulidwa ndi akalipentala amene apangira mipando ndi mabedi, ena asanduka makola a nkhuku, ndipo masiku ano aculuka anthu a m'matauni amene amangira bokosi looletseramo zinyalala za pakhomo kuti zisanduke manyowa.

Nzeru imeneyi ndi yoyamikika, pakuti mapaleti anai ndi waya pang'ono zikwanira, ndipo nchito yace itha dzuwa lisanafike pamutu. Koma pali cinthu cimodzi cimene ambiri saciganizira. Manyowa a m'bokosi limenelo adzapita pa bedi la repu ndi cibwabwa, ndipo ndiwozo zidzalowa m'mbale ya ana. Matabwa amene akhala miyezi yambiri akunyowa ndi kufunda pamodzi ndi manyowa sangapatulidwe ku cakudya ca banja. Cotero munthu asanagwire nyundo ayenera kudziwa kumene thabwalo lacokera, cimene linathiridwa, ndi katundu amene linanyamula.

CIFUKWA CA BOKOSI

Kumudzi nkhani ya bokosi siimveka kwenikweni, popeza malo alipo ambiri. Mlimi akumba dzenje kapena aunjika mulu kumbali kwa munda, monga alangizi a za malimidwe ndi a sukulu ya alimi ya Kasisi, kufupi ndi Lusaka, akhala akuphunzitsira kwa zaka zambiri. M'tauni zinthu zisiyana. Poloti ndi yaing'ono, nkhuku za anansi zipalasa mulu uliwonse, ndipo mwini nyumba ya lendi salola kuti anthu akumbe maenje m'bwalo mwace.

Mu Lusaka muli bvuto linanso. Mzindawu unamangidwa pa thanthwe la laimu la mapangamapanga, dothi lace m'malo ambiri ndi losaya, ndipo m'makomboni monga Kanyama ndi Misisi madzi a pansi akwera msanga mvula ikalimbika. Dzenje la zinyalala m'malo otere lidzala madzi, zinthu zingonunkha osaola bwino, ndipo madzi akudawo atsikira ku madzi omwewo amene anthu atunga m'zitsime. Amene anaona kolera wa 2017 mpaka 2018, ndi wina woopsa koposa amene anayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, adziwa kuti madzi a pansi pa mzindawu safuna cibwana. Bokosi liimika mulu pamwamba pa nthaka, ndipo mphepo ilowa m'mipata ya matabwa, imene ili ngati anaisiyira dala nchito imeneyi.

Ngakhale msinkhu wace ndi woyenera. Paleti lofala kuno, makamaka locokera ku South Africa, ndi la masentimita 120 m'litali ndi 100 m'lifupi. Anai akaimikidwa apanga kacipinda koposa pang'ono mita imodzi mbali zonse, ndipo umenewo ndiwo ukulu umene mulu ufuna kuti utenthe. Mulu wocepa utaya kutentha kwace usiku, ndipo waukulu kwambiri mpweya sufika pakati pace.

KUWERENGA CIDINDO

Paleti limene laoloka malire pa Chirundu, Kazungula, Nakonde, Chanida kapena Mwami liyenera kukhala ndi cidindo, coocheredwa kapena cosindikizidwa pa cipika ca m'mbali. Cidindo cimeneci sicinaikidwe kaamba ka anthu a madimba ai. Cinabwera cifukwa ca tizirombo toboola mitengo, timene tinali kuyenda m'matabwa olongezera katundu kucoka dziko lina kupita lina. Mu 1996 cikumbu ca nyanga zazitali ca ku Asia cinapezeka cikuononga mitengo mu mzinda wa New York, ndipo mu 1999 kanyongolotsi kopha mitengo ya paini kanapezeka ku Portugal. Pofuna kutseka njira imeneyi, mu 2002 maiko a m'pangano loteteza zomera la IPPC, limene liyang'aniridwa ndi bungwe la FAO la United Nations, anagwirizana pa lamulo lochedwa ISPM 15, lakuti matabwa otere aziyamba aphedwa tizirombo asanatumizidwe kunja. Zambia ili m'panganoli, ndipo akatswiri a Boma oyang'anira matenda ndi tizirombo ta zomera, amene likulu lao lili ku Mount Makulu ku Chilanga, ndiwo aona za lamulo limeneli kuno.

Kumanzere kwa cidindo kuli cithunzi conga ngala ya tirigu ndi malemba akuti IPPC. Kumanja kuyamba malemba awiri a dziko kumene paletilo linakonzedwera: ZM ndi Zambia, TZ ndi Tanzania, CN ndi China, IN ndi India. Ambiri akaona ZA aganiza kuti ndi kwathu kuno, koma ZA ndi South Africa. Pambuyo pace pali nambala ya kampani imene inagwira nchitoyo, ndipo potsiriza pali malemba awiri amene munthu wa dimba afuna kwenikweni.

Akaona HT, mtima ukhale pansi. Malembawa atanthauza kuti matabwawo anaikidwa m'ng'anjo ndi kutenthedwa kufikira pakati peni peni pa thabwa panafika madigiri 56 kwa mphindi zosacepera 30. Palibe mankhwala amene analowapo. Nthawi zina pambali pace palembedwa DB, kutanthauza kuti mtengo unasendedwa makungwa, kapena KD, kutanthauza kuti unaumikidwa m'ng'anjo. Zimenezi ziribe coopsa.

Akaona MB, apite pa lina. Matabwa amenewo anatsekeredwa ndi kufukizidwa mpweya wa poizoni wochedwa methyl bromide. Alimi akale a fodya a ku Cigawo ca Kum'mawa aukumbukira bwino, pakuti ndiwo unali kufukizidwa m'nazale za fodya pansi pa pulasitiki kuti uphe tizirombo ta m'nthaka ndi mbeu za udzu. Ndi mpweya wosaoneka, wosamveka fungo kwenikweni, umene uononga mapapo ndi mitsempha ya munthu woupuma. Uononganso cophimba ca m'mlengalenga cimene cichinga ukali wa dzuwa, ndipo cifukwa ca cimeneci pangano la Montreal linalamula kuti maiko olemera auleke pofika 2005, ndi maiko otukuka kumene pofika 2015. Koma panganolo linasiya mpata wakuti ugwirebe nchito pa katundu wopita kunja, ndiye cifukwa cace mapaleti a MB afikabe.

Kunena zoona, pali ena amene aopseza anzao mopitirira pa nkhani ya MB. Popeza ndi mpweya, wambiri uuluka m'masiku owerengeka thabwa likakhala pamphepo, ndipo paleti limene lagona panja mvula ziwiri silingaphe munthu wolikhudza. Komabe palibe amene ali ndi coyezera pakhomo kuti adziwe zotsalira m'thabwamo, ndipo mapaleti a HT ndi osasowa. Munthu wosankha pa mulu wa mapaleti makumi awiri alibe cifukwa cotengera lokaikitsa.

Mapaleti ena alibe cidindo konse. Ambiri a iwo ndi okhomedwa konkuno, a paini wa m'nkhalango zobzala za ku Copperbelt kapena a bulugamu, ndipo popeza sanapangidwire ulendo wa kunja, lamulo silinawakhudze. Kusowa cidindo si umboni wakuti paleti ndi loipa, ndiponso si umboni wakuti ndi labwino. Pamenepo maso, mphuno ndi pakamwa ndizo zigwire nchito.

ZIMENE CIDINDO SICINENA

Apa ndipo pagona nkhani. Cidindo cinena za tsiku limodzi lokha, tsiku limene paleti linaturuka m'fakitale. Sicinena kanthu za zaka zimene layenda pambuyo pace. Paleti la HT looneka latsopano lingakhale litagona miyezi isanu ndi umodzi m'sitolo ya mankhwala a mbeu, pansi pa zigubu za mankhwala a thonje zimene cimodzi cinali kudontha. Lina linanyamula mabatire a galimoto, lina migolo ya asidi kapena ya mankhwala ogwira nchito m'migodi. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Paini ndi mtengo wofewa umene umwa madzi ngati siponji, ndipo cimene wamwa sicicoka ndi sopo ndi bulashi. Cidzacoka pang'onopang'ono m'cinyezi ndi m'kutentha kwa mulu wa manyowa. Pa zoopsa zonse za mapaleti, ici ndico cacikulu, kuposa ngakhale MB amene achuka kwambiri.

Wogula alitembenuze paleti mbali zonse ziwiri. Mawanga a mafuta, madontho a mtundu wacilendo, ufa woyera kapena wa buluu wokanirira m'ming'alu, ndi fungo la mankhwala kapena la dizilo thabwa likatenthedwa ndi dzuwa, zonsezi zikwanira kulikana. Kenaka afunse wogulitsa kumene anawatenga. Ena acita manyazi kufunsa zambiri pa cinthu ca ndalama zocepa, koma safunsa anadya phula. Wogulitsa amene ayankha kuti anacokera ku sitolo ya matailosi, ya mapepala, ya zakumwa za m'mabotolo kapena ya ufa ndi shuga, wapereka yankho labwino. Amene sadziwa, kapena amene asakaniza mapaleti a kumalo ambiri pa mulu umodzi, mapaleti ace apite kokamangira mpanda wa maluwa kapena poikapo njerwa, osati ku manyowa a ndiwo. Amene ananyamula nyama kapena nsomba zaziwisi atsukidwe bwino ndi kuyanikidwa pa dzuwa masabata awiri.

Palinso mapaleti opakidwa utoto. A buluu olembedwa CHEP ali ndi mwini wace: kampani imeneyo siwagulitsa, iwabwereketsa kwa amalonda ndipo iyembekeza kuti abwerere. Wowaphwasula waononga katundu wa eni ace. Cimodzimodzi mulu wa mapaleti kuseri kwa sitolo suli wotayidwa cifukwa cakuti palibe mlonda pafupi. Kupempha kwa woyang'anira sitolo sikutenga nthawi, ndipo iyeyo ndiye adziwa bwino katundu amene anabwera pa mapaletiwo.

CISWE, OILO NDI MOTO

Kutentha kwa HT kunapha tizirombo timene tinalimo tsiku limenelo, koma sikuletsa ciswe ca kuno. Paini wogunda nthaka yonyowa ciswe cimpeza msanga, ndipo womanga adziwiretu kuti bokosi lace si la muyaya. Pofuna kupewa zimenezi, ambiri acita cinthu cimene anazolowera pa mitengo ya mpanda: apaka matabwa oilo wakuda wocotsedwa mu injini. Pa bokosi la manyowa cimeneci ndi colakwa cacikulu. Oilo wakale ali ndi zitsulo za poizoni ndi mwaye wa mu injini, ndipo mvula iliyonse izitsukira m'manyowa ndi m'nthaka. Munthu amene anakana paleti la madontho a dizilo pamsika asabwere kudzalithira yekha oilo pakhomo.

Ena afuna matabwa othiridwa kale mankhwala kuti akhalitse. Mitengo yakuda yonunkha phula, monga mapolo akale a magetsi ndi mitanda ya njanji, inamwetsedwa creosote. Yooneka mobiriwira pang'ono, ngakhale ili youma, inamwetsedwa mankhwala ochedwa CCA, amene muli kopa, chromium ndi arsenic. Arsenic ndi poizoni wodziwika kuti abweretsa khansa, ndipo ku America analeka kugulitsa matabwa a CCA omangira zinthu za pakhomo kumapeto kwa 2003. Mitengo yotere ili ndi nchito yace pa mpanda wa famu ndi pa denga, koma isakhale khoma kapena mzati wa bokosi la manyowa.

Coopsa koposa ndi kuiocha. Mu 2024, magetsi atayamba kuzima maola ambiri cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba, makala anakwera mtengo, ndipo thabwa lililonse lotsala linaoneka ngati nkhuni. Thabwa la CCA likapsa, arsenic wina apita mu utsi umene wophika apuma, wina atsala m'phulusa. Phulusalo limveka mcere, cotero mbuzi ndi ng'ombe zilinyambita ndi kufa. Ndipo popeza amai ambiri athira phulusa pa mulu wa manyowa kapena pa bedi la ndiwo, poizoni amene anamkana pakhomo alowera kuseri. Zidutswa za matabwa obiriwira, akuda, opaka utoto kapena a MB zisalowe pa moto wophikira. Utuci wa kwa kalipentala nawonso ufunsidwe, pakuti kawirikawiri usakanizika ndi wa matabwa a mankhwala ndi wa mabolodi omata ndi guluu.

Njira yocedwetsa ciswe popanda poizoni ndi yapafupi. Mapaleti akhale pa njerwa zoocha, imodzi pa ngodya iliyonse ndi ina pakati, kuti thabwa lisagunde dothi. Mizati ikhale ya citsulo cakale, monga mapaipi, kapena ya mtengo wolimba umene kunsi kwace kwawaulidwa pa moto. Mwini bokosi aziyang'ana njira za dothi zimene ciswe cimanga pa njerwa ndi kuziphwanya. Paleti limodzi likadyeka, amasula waya ndi kuikapo lina.

KAMANGIDWE

Malo asankhidwe a mthunzi pang'ono, osadikha madzi, ndi otalikira khoma la nyumba, kuti ciswe ndi makoswe zisapeze mlatho wopita ku denga. Atalikirenso pamene mbaula ikhala, pakuti mu Seputembala ndi Okutobala paini wouma ndi udzu wouma zigwira moto ngati mafuta. Pamene pali citsime, bokosi likhale kumunsi kwace ndi kutali monga poloti ilolera. A zaumoyo anena mamita 30 pakati pa citsime ndi cimbudzi, ndipo ngakhale poloti zambiri sizifika pamenepo, mulu wokhala ndi zitosi ndi ndowe uyenera kupatsidwa ulemu wofananako. Pansi pasaikidwe simenti kapena paleti lacisanu, kuti nyongolotsi ndi tizirombo tooletsa tikwere kucoka m'nthaka.

Asanaimike kanthu, womanga ayambe ndi misomali. Paleti limodzi lili ndi misomali yambirimbiri, ina yopotoka ngati sikuluwu kuti isazuke, ndipo paleti lakale likhala ndi ina yoturukira kunja kapena yoduka mitu. Yotere izulidwe, kapena ikhomedwe mpaka igone m'thabwa. Yozulidwa iponyedwe m'citini nthawi yomweyo, cifukwa msomali wogwera mu udzu udikira phazi la mwana. Nchito imeneyi si ya patapata ai. Ifuna nsapato zolimba pansi ndi magolovesi, popeza paini wosapala alasa zibanthu.

Anthu ambiri akhulupirira kuti dzimbiri ndilo libweretsa kafumbata. Si tero. Tizirombo ta matendawa tikhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo msomali ungotitsegulira njira yolowera m'kati mwa mnofu, kumene kulibe mpweya ndipo tiswana bwino. Ndiye kuti pa bokosi la manyowa, pamene misomali ndi ndowe zikhala pamodzi, ndipo peni peni pa ngozi imeneyi. Wolasidwa atsuke bala ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo apite ku kiliniki tsiku lomwelo kukafunsa za katemera, ngakhale bala lioneke laling'ono. Abambo ndiwo acenjere kwambiri, pakuti amai ambiri alandira katemerayu ku sikelo ali ndi pakati, pamene amuna ambiri anamlandira komaliza ali makanda.

Paleti lilemera makilogalamu 20 kapena kuposa, ndipo loimikidwa losamanga ligwa ndi kamphepo kocepa. Nchitoyi ndi ya anthu awiri, wina kugwira, wina kumanga, ana ali patali. Mizati inai izikidwe m'ngodya, yolowa pansi ngati theka la mita. Paleti la kumbuyo liyambe, kenaka awiri a m'mbali, lililonse lomangidwa ku mzati pamwamba, pakati ndi pansi. Waya aposa misomali pa nchito imeneyi: paini wouma ang'ambika pokhoma, ndipo waya alola kumasula tsiku lotembenuza. Nsonga za waya zipindidwire m'kati mwa ngodya, kumene dzanja ndi diso sizifika. Mizati isasiyidwe poganiza kuti mabokosi a m'zithunzi aima okha. Mwana aliyense aona mipata ya paleti ngati makwerero, ndipo bokosi lopanda kanthu lopanda mizati limgwera.

Paleti lacinai ndilo citseko. Limangidwe ndi waya mbali imodzi kuti lizitseguka, mbali inayo likoledwe ndi kawaya kosabvuta kumasula. Ena aliceka pakati kuti theka la pansi litseke pamene mulu uli waung'ono. Ngati mipata ndi yaikulu, m'kati mukhomedwe waya wa nkhuku, amene aletsa zinyalala kugwa ndi nkhuku kupalasa. Wokhala ndi mapaleti asanu ndi awiri amange zipinda ziwiri zogawana khoma limodzi, kuti potembenuza azingocotsa mulu m'cipinda cina ndi kuponya m'cinzace.

Pamwamba pafuna cobvundikira: masaka akale kapena udzu m'cilimwe kuti mulu usaume, ndi lata m'dzinja kuti mvula isakokolole zabwino zonse. Latalo limangidwe ndi waya, pakuti mwala wotsendereza sukwanira pa mphepo yoyamba ya Novembala. Zidutswa za malata a asibesitosi, zimene zipezeka m'nyumba zakale za khonsolo ndi za migodi, zisagwire nchito imeneyi. Fumbi lace likapumidwa liononga mapapo patapita zaka zambiri.

ZOLOWA M'BOKOSI

Za kaunjikidwe anthu ambiri adziwa kale. Pansi payambe timitengo ndi mapesi oduladula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pace pabwere zouma, monga masamba, udzu ndi makoko a nshawa, kenaka zaziwisi, monga makoko a nthoci ndi mbatata, masamba otsala a kabici ndi udzu wosabereka mbeu, kenaka zitosi za nkhuku kapena ndowe pang'ono ndi kadothi kowazawaza. Zouma ziculuke kawiri kapena katatu kuposa zaziwisi, ndipo gawo lililonse liwazidwe madzi. Muyeso wa madzi uli m'dzanja: wofinya camkati amve cinyezi, koma madzi asacuruluke pakati pa zala.

Nsima yotsala, mafupa, nsomba ndi mafuta ziitana makoswe ndi agalu. Zonyansa za anthu, za agalu ndi za amphaka, pamodzi ndi matewera otaya, zisalowe konse. Phulusa likhale locepa, popeza loculuka lithamangitsa naitulojeni, ndipo la pa mbaula imene inakolezedwa ndi mapulasitiki, monga ambiri acitira m'tauni, litayidwe kwina.

Pakati pa mulu pazikidwe ndodo. Patapita masiku atatu kapena anai, ndodoyo ikazulidwa iyenera kutentha m'dzanja, pakuti mulu woyenda bwino ufika madigiri 55 mpaka 65, kutentha kumene kupha mbeu za udzu ndi tizirombo tambiri ta matenda. Ndodo yozizira ndi youma ipempha madzi ndi zaziwisi. Yonyowa ndi yonunkha ipempha zouma ndi mpweya. Koma m'mbali, pafupi ndi matabwa, simutentha cotero, ndiye cifukwa cace mulu utembenuzidwa pakapita masabata awiri kapena atatu, za m'mbali kulowa pakati.

TSIKU LOTEMBENUZA

Mulu umene wayamba kuzizira ndi nyumba yofunda, ndipo mipata ya pansi pa mapaleti ndi malo obisala. Makoswe akabwera, njoka iwatsata. Mphiri ndiyo yoopsa kwambiri pamenepa, cifukwa sithawa ikamva mapazi, ingokhala duu ngati masamba ouma. Wotembenuza ayambe wagogoda matabwa ndi mpini, atsegule citseko ataima pambali, ndipo agwire nchito ndi foloko, osapisa dzanja pamene maso saona. Udzu wozungulira bokosi uzikhala wolambulidwa.

Cina cosaoneka ndi fumbi. Mulu wouma wokhala ndi nkhungu yoyera ukabvundulidwa uturutsa kafumbi konga utsi, kamene ndi mbeu za nkhunguyo. Munthu wa mapapo abwino sikamcita kanthu kawirikawiri, koma amene anadwalapo cifuwa cacikulu ca TB, wa mphumu, ndi amene thupi lace lacepa mphamvu yolimbana ndi matenda, angadwale nako kwambiri. Otere apatse ena nchito yotembenuza. Enawo awaze madzi pa mulu asanaubvundule, amange nsalu pamphuno, aime kumene mphepo icokera, ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo asanagwire cakudya.

Mulu wotembenuzidwa bwino upsa m'miyezi iwiri kapena itatu nyengo yotentha. Wosiyidwa wokha utenga theka la caka kapena kuposa. Manyowa okupsa ndi akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itagwa, ndipo bokosi limene linali lodzala lipezeka lafika theka kapena kucepera. Pamenepa ena akhumudwa, makamaka amene anamva kuti manyowa alowa m'malo mwa feteleza. Thumba la yuriya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a naitulojeni, ndipo kuti manyowa afike pamenepo afunika oposa tani imodzi. Bokosi la mapaleti anai silingadyetse hekitala ya cimanga. Koma likwanira mabedi a ndiwo a kuseri kwa nyumba, ndipo licita cimene feteleza sacita: lifewetsa dothi ndi kulithandiza kusunga madzi. Pa cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, amene anali kuthirira ndiwo ndi madzi ogula pa cigubu anaona kusiyana kwa bedi la manyowa ndi bedi la dothi lokha.

Wokaika ngati manyowa apsa adzaze kacitini ndi kubzalamo nyemba khumi. Zikamera bwino ndi masamba obiriwira, manyowa apite kumunda. Zikakana kumera kapena zikapsa nsonga, mulu udikire masabata ena.

Pakapita mvula zingapo, matabwa a pansi adzayamba kufumbwa ndi kuthyoka m'manja. Ngati paletilo linali la HT, losapakidwa kanthu ndi losathiridwa kanthu, zidutswa zace zofumbwazo ziphwanyidwe ndi kuponyedwa pansi pa mulu watsopano m'malo mwa mapesi. Misomali yokha ndiyo iyambe yazulidwa ndi kulowa m'citini cija, cimene cikadzala cipita kwa ogula zitsulo zakale.